Mbiri ya mbira ndi phunziro la khola

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwathu, lero tikambirane mbiri ya kanyama kamene anyamata ambiri kuno ku Area 49, kuyambira ku Gulliver mpaka ku Dubai, amaweta kuseri kwa nyumba m'kakhola ka njerwa. Ndikunena mbira. Dandaulo la eni ake ndi limodzi: mbira zikucheperachepera msinkhu, ana akungofa, amphongo akulumana mpaka kuthothola makutu. Vuto limeneli si lachilendo. Anthu amene anayamba kuweta mbira anakhala nalo zaka mazanamazana asanalipezere mankhwala.

Tiyambe ndi dzina. Mbira yeniyeni ya makolo athu ndi ija ya m'matanthwe, imene nthano imati inasowa mchira chifukwa chotuma anzake. Kanyama kachilendo katafika, kopanda mchira komanso kofanana thupi, kanangolowa m'dzina lomwelo. Koma ziwirizi si pachibale. Akatswiri a zinyama amati mbira ya m'matanthwe ndi mbale wa njovu, pamene ya m'khola ili mbali ya nungu ndi ntchenzi.

Kwawo kwa mbira ya m'khola ndi ku mapiri a Andes, ku South America, m'mayiko amene lero ndi Peru, Bolivia ndi Ecuador. Kumeneko anayamba kuiweta zaka zoposa 3,000 zapitazo ndipo amaitcha cuy. Inali ndiwo, inali nsembe, ndiponso asing'anga ankaigwiritsa ntchito pofufuza matenda. Anthu a mtundu wa Moche ankaumba ziwiya zooneka ngati mbira. Francisco Pizarro atagwira mfumu Atahualpa m'chaka cha 1532, zombo za amalonda zinayamba kutengera mbira ku Ulaya, kumene olemera ankazisunga ngati zoseweretsa osati ndiwo.

Kenaka zinalowa m'nyumba za kafukufuku. Robert Koch anazigwiritsa ntchito pamene anatulukira kachirombo ka chifuwa chachikulu mu 1882. Mu 1907 madokotala awiri a ku Norway, Axel Holst ndi Theodor Frølich, anaona kuti mbira zodya tirigu yekha zimadwala chiseyeye. Chifukwa chake chinadziwika pambuyo pake: mbira, monga munthu, thupi lake silipanga vitamini C. Ndiye amene amadyetsa mbira madeya okhaokha akuipha pang'onopang'ono. Pafunika msipu wauwisi tsiku lililonse, kaya nsenjere, chisoso, kholowa kapena masamba a kabichi.

Kuno ku Africa mbira zafala kwambiri ku Cameroon, kumapiri a kumwera kwa Tanzania ndi kum'mawa kwa DR Congo. Ku South Kivu, pa nkhondo zimene zinabuka mu 1996, ng'ombe ndi mbuzi zinalandidwa, koma mbira mayi ankatha kuziika m'dengu n'kuthawa nazo. Mabanja ambiri anayambiranso ulimi wa ziweto ndi tinyama timeneti.

Tsono tibwerere ku Peru, pakuti phunziro lathu lili kumeneko. Kwa nthawi yaitali mbira zinkakhala pansi m'khitchini, zazimuna, zazikazi ndi ana pamodzi, zikudya zotsala. Mlendo akabwera, mwini nyumba ankagwira yaikulu kuposa zonse. Taganizani bwino: yaikulu ija yapita mu mphika, zotsala kuti zibereke ndi zazing'ono, ndipo zikukwerana pachibale, bambo ndi mwana wake, mlongo ndi mlongo wake. M'badwo uliwonse unkabadwa wochepa ndi wofooka kuposa wam'mbuyo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, akatswiri a pa yunivesite ya La Molina ku Lima ndi a bungwe la boma loona za kafukufuku wa ulimi anayamba kugawa mbira m'timakola, kusunga zazikulu kuti zikhale mbewu, ndi kulemba kuti uyu wabadwa kwa yani. Mu 2004 anatulutsa mtundu wotchedwa Perú, umene umafika kilogalamu imodzi pa miyezi iwiri kapena itatu. Sanabweretse nyama ina yachilendo. Anangosintha kakonzedwe ka khola ndi kasankhidwe ka mbewu.

Chimene chimakakamiza kugawa kumeneku ndi thupi la mbira. Yaikazi imatha kutenga bere ili ndi mwezi umodzi wokha, isanakhwime. Bere limatenga masiku pakati pa 59 ndi 72, ndipo nthawi zambiri imaswa ana awiri, atatu kapena anayi, obadwa ndi ubweya, maso ali otsekula. Ikangoswa, tsiku lomwelo imathanso kukweredwa. Ikasiyidwa ndi mphongo nthawi zonse, imayamwitsa ili ndi bere lina mpaka kutheratu.

Choncho makola akhale atatu. Loyamba la mphongo mmodzi ndi zazikazi zisanu mpaka khumi. Amphongo awiri pamaso pa zazikazi ndi nkhondo basi. Lachiwiri la ana aakazi, lachitatu la ana aamuna, ndipo awalekanitse akakwana masabata atatu. Amphongo okulira limodzi amakhala mwamtendere ngati palibe yaikazi pafupi. Yaikazi idikire miyezi itatu isanapite kwa mphongo. Mphongo wa mbewu azisinthanitsidwa ndi wa mnzako wa ku Area 25 kapena ku Mgona, kuti magazi asakhale amodzimodzi. Mbira isakhalenso yokha, chifukwa ndi nyama ya gulu. Dziko la Switzerland linachita kuika lamulo mu 2008 loletsa kusunga mbira imodzi yokha. Akalulu akhale kwaokha, pakuti amamenya ndi miyendo yakumbuyo, ndipo khola litsekedwe bwino chifukwa cha agalu, amphaka ndi makoswe.

Aphunzitsi a Agriculture ndi Biology, nkhani ya kusankha mbewu ndi ya chibadwa imene timavutika kuifotokoza pa bolodi ili kale kuseri kwa nyumba za ophunzira athu. Mwana amene waphunzira kusunga mbira yaikulu n'kugulitsa yaing'ono wamvetsa phunziro limene adzaligwiritse ntchito pa mbuzi, pa nkhuku ngakhale pa chimanga. Tiwatume akayeze mbira zawo pa sikelo, alembe m'kope, tidzaone kusiyana kwake chaka chikamatha.