Amayi a Nsalu Yakuda ndi Milandu ya Chitupa ku South Africa

Pa bwalo la kwathu munthu sayankha mlandu yekha. Ngakhale akhale mmphawi wotani, nkhoswe yake imaima pambali pake nimlankhulira. Koma m'mabwalo a Boma zinthu sizitero ayi, pakuti kumeneko malamulo ngolembedwa m'mabuku, ndipo wodziwa kuwamasulira ndiye loya, amene afuna malipiro. Tsono nkhani ino ndi ya amayi ena a ku South Africa amene adadzipereka kukhala nkhoswe za amphawi, osalandira ngakhale kobiri limodzi.

Pa 19 Meyi 1955 amayi asanu ndi mmodzi achizungu adakomana ku Johannesburg, mmodzi wa iwo ndiye Jean Sinclair. Chimene chidawapweteka mtima ndi chakuti Boma la National Party lidafuna kupotoza lamulo lalikulu la dziko kuti lichotse Makaladi m'kaundula wa oponya voti pamodzi ndi Azungu. Amayiwo adayamba kuima chete m'misewu ndi ponse podzera nduna, atapachika nsalu yakuda paphewa monga anamfedwa, ndipo chifukwa cha nsaluyo adatchedwa Black Sash. Mlandu wa votiwo udawakanika, pakuti m'chaka cha 1956 Boma lidachita chimene lidafuna. Komabe iwo sadabalalike, koma adatembenukira ku mavuto a chitupa.

Akuluakulu athu amene adapita ku Joni adziwa bwino kuwawa kwake kwa chitupa. Lamulo lidati munthu wakuda asakhale m'tauni kupitirira maola 72, pokhapokha ngati adabadwira momwemo nakhalamo osachoka, kapena adagwira ntchito kwa bwana mmodzi zaka 10 mosalekeza, kapena adakhalamo ndi chilolezo zaka 15. Lamulo la 1952 lidakhudza akazi omwe, ndipo mu 1956 Boma lidayamba kuwapatsa zitupa. Pa 9 Ogasiti chaka chomwecho akazi pafupifupi 20,000 adaguba ku Pretoria kukana zimenezi, koma Boma lidaumitsa khosi. Kotero mkazi wotsatira mwamuna wake kutauni ankamangidwa kapena kupirikitsidwa, ndipo mabanja ambiri adapasuka.

Mu 1958 amayi a Black Sash a ku Cape Town adasonkha ndalama zoombolera akazi omangidwa chifukwa cha chitupa, kuti adikire mlandu ali kunyumba ndi ana awo. Ntchito imeneyi ndiyo idabala ofesi ya malangizo ya ku Athlone, ndipo mu 1963 idatsegulidwa inanso ku Johannesburg, kumene Sheena Duncan, mwana wa Jean Sinclair, adatumikira zaka zambiri. Amayi ameneŵa sadali maloya, koma adaphunzira malamulo a chitupa mpaka kuwadziwa ngati njira ya kumadzi. Munthu akafika, ankamva dandaulo lake kupyolera mwa womasulira, nayang'ana zidindo za m'chitupa chake, nalemba makalata kwa akuluakulu a Boma ndi kwa mabwana ake akale kufuna umboni wa zaka zimene adagwira ntchito. Mlandu ukakula ankautumiza kwa maloya olola kuthandiza mwaulere. Ndiponso nkhani ya munthu aliyense inkalembedwa ndi kusungidwa bwino.

Tisaganize kuti ntchitoyi idali yokondweretsa nthawi zonse. Kawirikawiri lamulo silinkasiya mpata, ndipo mayi wa paofesi ankayenera kuuza mnzake wobereka mwana kumbuyo kuti palibe chimene angachite. Panalinso funso lovuta lakuti: kodi kuthandiza munthu kupeza chidindo si kuthandiza lamulo loipa kuti liyende bwino? Funsoli nloyenera ndithu, ndipo yankho lake lidaoneka patapita zaka, pamene zolembedwa zija zidasanduka umboni wosatsutsika wa nkhanza za lamulo, ndiponso gwero la milandu yoyesera lamulolo m'bwalo.

Mu 1979 Arthur Chaskalson ndi anzake adayambitsa Legal Resources Centre, gulu la maloya othandiza amphawi, ndipo iwo adagwirana manja ndi maofesi a malangizo. Mu 1980 bwalo lalikulu la apilo lidagamula mlandu wa Veli Komani, liti mkazi wake ali ndi ufulu wokhala ndi mwamuna wake ku Cape Town. Mu 1983 lidagamulanso mlandu wa Mehlolo Rikhoto, amene adagwira ntchito pa kampani imodzi ku Germiston zaka zoposa 10, koma Boma linkati kupita kwake kumudzi chaka ndi chaka kukakonzanso pangano la ntchito kunkadula zakazo. Oweruza adakana maganizo amenewo. Ngakhale zidatero, akuluakulu ena a Boma adachita chidodo potsata zigamulozi, kotero amayi aja adayenera kulondola mlandu wa munthu mmodzimmodzi kufikira chidindo chitadindidwa. Potsiriza, mu 1986, malamulo a chitupa adathetsedwa.

Sitinganene kuti Black Sash yokha ndiyo idagwetsa malamulowo, pakuti anthu akuda eni ake ndiwo adasenza katundu wolemera, namangidwa, ena naphedwa. Koma pamene Nelson Mandela adatuluka m'ndende pa 11 Febuluwale 1990, adatchula gululi pakati pa oyenera kuthokozedwa. Mu 1995 gululi lidasintha kayendetsedwe kake, nilitsata za ufulu wa amphawi pa thandizo la Boma.

Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, kumbukirani kuti kumidzi kumene mudzapita anthu adzabwera kwa inu ndi masamoni ndi makalata a Boma amene sawamvetsa. Amayi aja adayamba ndi zinthu zimene inunso muli nazo: kudziwa kuwerenga, cholembera, ndi mtima woleza pomvera wodandaula.