Msonkho, Malo ndi Mau: Cifukwa Cace Anthu Anakana Ulamuliro wa Angelezi

Ana a sukulu akamva kuti anthu a ku America anaukira Mfumu ya ku England m'caka ca 1776, amayesa kuti ndi nkhani ya kutali. Koma madandaulo a anthu aja afanana ndi amene makolo a ku Katete, Sinda ndi Vubwi anali nao.

Coyamba ndi msonkho. M'caka ca 1765 Nyumba ya Malamulo ya ku London inaika msonkho pa mapepala a ku America, ngakhale munalibe munthu wosankhidwa ndi Amerika m'nyumbamo. Kuno, Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898 ndipo Nsingu mwana wace ataphedwa, panadza msonkho wa nyumba. Popeza ndalama zinali zosowa m'midzi, amuna anayenda pansi kunka ku Halale kukazifuna, nasiya minda m'manja mwa akazi ndi okalamba.

Caciwiri ndi malo. Mu 1895 kampani ya North Charterland inapatsidwa dziko lalikulu la kum'mawa kwa Luangwa. Mu 1928 Acewa, Ansenga ndi Angoni anaikidwa m'malo opatulidwa ocepa, nthaka niguga cifukwa ca kupanikizana. Boma linaombola dzikolo mu 1941, koma mitima inali itawawa kale.

Cacitatu ndi mau. Kufikira 1948 munalibe munthu wakuda m'Bwalo la Malamulo la Northern Rhodesia. Ndipo mu 1953 dziko linalowetsedwa m'Citaganya pamodzi ndi Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ngakhale mafumu ndi anthu anakana poyera. Ici ndico cinalimbitsa African National Congress ya Harry Nkumbula, ndi pambuyo pace UNIP ya Kenneth Kaunda. Citaganya cinatha mu 1963, ndipo pa 24 October 1964 dziko linalandira ufulu. Reuben Kamanga, mwana wa cigawo cino ca kum'mawa, anakhala waciwiri kwa Kaunda.

Komabe mphunzitsi asabise kusiyana kwace. Oukira a ku America anali atsamunda ocokera ku Ulaya. Cina cimene cinawakwiyitsa ndi lamulo la 1763 lowaletsa kulowa m'malo a Amwenye, eni dziko. Iwo anapambana ndi mfuti pa nkhondo yotha mu 1783, koma eni dziko anatayabe malo, akapolo nakhalabe akapolo. Kuno eni nthaka ndiwo anafuna ufulu, naupeza makamaka ndi misonkhano ndi masankho.

Cifukwa cace mphunzitsi wanzeru asayambe phunziro ili ndi mapu a America. Atume ana kwa agogo ao akafunse za ciphaso ca msonkho ndi za kusamuka kwa mudzi wao. Mwana wodziwa cimene cinawawa agogo ace sadzavutika kumva cimene cinawawa anthu a ku Boston.