Funso Limodzi, Oyankha Awiri

Akuluakulu kuno ku Chipera akukumbukira caka ca 1977, pamene Frelimo, pa msonkhano wake waukulu wacitatu, inalengeza kuti ndi cipani cotsata Marx ndi Lenin. Karl Marx anaphunzitsa kuti eni cuma amadyera thukuta la anchito, ndipo mankhwala ake n'kuika cuma m'manja mwa onse. Funso lake linali labwino ndithu: kodi zimene tikulima akudya ndani? Koma woyankha anali cipani cokha. Ambiri anasamutsidwira ku ma aldeia comunal osafunsidwa, kusiya minda ndi manda a makolo. Mu 1989 Frelimo inasiya njirayo.

Funso lija silinafe ai. Mu Januwale 2012, m'cigawo cathu comwecino ca Tete, mabanja a ku Cateme, amene anasamutsidwa ndi kampani ya malasha ya Vale, anatseka njanji podandaula nyumba zong'aluka ndi nthaka yosabala. Iwowa sanafune kulanda mgodi kapena kugwetsa boma. Anafuna kuti malonjezo akwaniritsidwe, basi. Mabungwe a alimi monga UNAC amatsamira pa Lamulo la Nthaka la 1997, lonena kuti mudzi uzifunsidwa kaye, ndiponso kuti umboni wa pakamwa umamveka.

Kusiyana kwagona apa: kale cipani cinkalankhulira osauka, lero osauka ayenera kudzilankhulira okha. Nanga munthu wosawerenga adzadziwa bwanji zimene akudinda cala? Atsogoleri anzathu, tiyeni lamuloli tiziliwerenga m'makalasi mwathu. Paja safunsa anadya phula.