Mbiri ya Mphunzitsi Wokunkha Mafunde a M'mlengalenga

 Lero sitikamba za mbeu kapena za manyowa ai. Tikamba za mwana wa dziko lino, Profesa Chomora Mikeka, amene nchito yao ndi ya mafunde osaoneka ndi maso, onyamula mau a pa wailesi ndi pa lamya ya m'manja.

Poyamba timvane za mafundewo. Mukaponya mwala m'dziwe, madzi amachita timizere tofalikira mbali zonse. Mphamvu ya magetsi nayonso ikagwedezeka imatumiza mafunde otere mumlengalenga. Amene anatsimikiza zimenezi ndi Heinrich Hertz wa ku Germany, pakati pa 1886 ndi 1888. Mafunde ena ndi atali, ena ndi afupi. Afupiwo, oyambira mita imodzi kutsika mpaka milimita imodzi, amatchedwa microwave. Zinthu zonga ng'oma zimene mumaziona pa nsanja za lamya zimatumizirana mafunde afupi kwambiri. Iwo amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, kotero kuti phiri longa la Mulanje likaima pakati, sadutsa.

A Mikeka anaphunzitsa sayansi pa Chancellor College ku Zomba. Maphunziro ao akuya anakachitira ku Yokohama National University m'dziko la Japan, kumene analandira digiri ya udokotala. Funso limene anapita nalo patsogolo kumeneko mlimi aliyense angalimve. Nyumba za kanema ndi nsanja za lamya zimamwaza mafunde usana ndi usiku, ndipo ambiri amangotayika. Kodi sitingawakunkhe monga momwe timakunkhira m'munda titatha kukolola? M'chaka cha 2011 iwo pamodzi ndi mphunzitsi wao, Profesa Hiroyuki Arai, anasindikiza zimene anapeza: kachipangizo kokola mafundewo ndi kuwasandutsa magetsi. Musayese kuti magetsiwo angaphike nsima kapena kuunikira nyumba. Ndi ochepa zedi, koma akhoza kuyendetsa tizipangizo tating'ono toyezera zinthu popanda kugula mabatire kawirikawiri.

Atabwerera kumudzi anayamba nchito yachiwiri. Muyenera kudziwa kuti mlengalenga ndi wogawidwa ngati minda. Nyumba iriyonse ya wailesi kapena ya kanema imapatsidwa ndime yake, ndipo pano pa Malawi wogawa ndimezo ndi bungwe la MACRA. Tsono kanema anafika mochedwa m'dziko lino, pakuti Television Malawi inatsegulidwa mu 1999, ndipo ndime zambiri zosungidwira kanema zinangokhala tsala. A Mikeka ndi anzao anaona kuti tsalalo lingalimidwe. Mafunde a kanema, amene kutalika kwake ndi pafupi theka la mita, amapita kutali ndiponso amapyola mitengo ndi makoma koposa mafunde afupi aja. Chifukwa chake ndi oyenera kutengera intaneti kumidzi kumene kukumba nthambo kumadya ndalama zambiri.

Mu 2013 anayesa njirayi ku Zomba, mothandizana ndi MACRA ndiponso bungwe la sayansi la ICTP la ku Trieste m'dziko la Italy. Mwa malo amene analumikizidwa munali sukulu ya atsikana ya St. Mary's ndi chipatala cha Pirimiti. Malawi anakhala limodzi la maiko oyamba mu Africa kuyesa zotere. Pambuyo pake Boma linaika a Mikeka kukhala mkulu woyang'anira za sayansi ndi luso mu Unduna wa Maphunziro.

Nanga ife a ku Nkando zikutikhudza bwanji? Taganizani za mlimi amene wakolola nandolo, koma sadziwa mtengo wa ku Limbe. Wogula akanena mtengo wake, iye amangovomera. Taganizaninso za namwino wofuna kufunsa dokotala wa kutali usiku, kapena mwana wa sukulu yopanda mabuku. Onsewa chimene akusowa ndi mthenga wofulumira ndi wotsika mtengo, ndipo mthengayo ndi mafunde amenewa.

Timati chuma chiri m'nthaka, ndipo n'zoona. Koma chinanso chiri pamwamba pa mitu yathu, chongodikira anthu odziwa masamu ndi sayansi. Chomwecho, makolo anzanga, nyengo ya kupalira ikafika musatulutse ana m'sukulu kuti akagwire khasu. Anyamata ndi atsikana omwe, alekeni aphunzire, pakuti wolima tsala la m'mlengalenga mawa akhoza kuchokera m'nyumba mwanu. Tsalani bwino.