Matenda a m'khutu ku Nkhata Bay: zizindikiro, chisamaliro cha pakhomo ndi kufunika kopimitsa

Kutuluka mafinya m'khutu ndi vuto lomwe anthu ena amaliona ngati laling'ono, chonsecho ndi limodzi mwa mavuto omwe amachititsa kuti mwana asiye kumva. M'tauni ya Nkhata Bay, komwe ana amasambira m'nyanja pafupifupi tsiku lililonse ndipo asodzi amaswera pamadzi, khutu lodwala limachedwa kupola chifukwa silipeza mpata wouma.

Lipoti lomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2021 linati anthu pafupifupi 430 miliyoni padziko lapansi ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo. Bungweli likuti mwa ana 100 alionse omwe ali ndi vutoli, pafupifupi 60 akanatha kulipewa kudzera mu katemera, uchembere wabwino komanso kuchiza msanga matenda a m'khutu.

Matenda omwe amapezeka kawirikawiri

Oyamba ndi matenda a m'kati mwa khutu, omwe amakonda kugwira ana aang'ono akangodwala chimfine. Tizilombo timachoka kummero n'kukafika kuseri kwa kachikopa kopyapyala kotchedwa mwinikhutu. Mwana amatentha thupi, amalira usiku ndipo amagwiragwira khutu. Mafinya akachuluka, kachikopako kamabooka ndipo ululu umachepa. Apa makolo ena amaganiza kuti mwana wachira, pomwe khutu latsala ndi bowo. Achipatala amati mafinya akatuluka kwa masiku 14 kapena kuposerapo, nthendayo yakhazikika.

Achiwiri ndi kutupa kwa njira ya khutu, komwe kumadza madzi akakhalitsamo munthu akasambira. Khutu limayabwa ndipo limapweteka kwambiri likakokedwa.

Phula la m'khutu lokha si matenda. Limateteza khutu ku fumbi ndi tizilombo ndipo limatuluka lokha. Vuto limayamba munthu akamalikankhira m'kati ndi kamtengo ka machesi, nthenga ya nkhuku kapena thonje la pakamtengo.

Palinso kusamva kodza ndi phokoso. Ogwira ntchito m'zigayo, ocheka matabwa ndi makina komanso oyendetsa maboti a injini amamva phokoso lalikulu kwa maola ambiri. Chizindikiro choyamba chimakhala kulira kwa m'khutu, ndipo kumva kukawonongeka mwa njira imeneyi sikubwereranso.

Matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi ndi malungo aakulu amathanso kuwononga makutu. N'chimodzimodzinso mankhwala ena monga kwinini, gentamicin ndi streptomycin, n'chifukwa chake amayenera kuperekedwa ndi achipatala okha.

Chisamaliro cha pakhomo

Khutu lotuluka mafinya liyenera kuumitsidwa katatu patsiku. Wosamalira wodwala asambe m'manja, apote kansalu koyera komwa madzi kuti kakhale ngati chingwe cha nyale, akalowetse pang'ono m'khutu, kenaka akachotse kakanyowa. Abwereze ndi kansalu kena mpaka khutu liume. Mankhwala odontheza ochokera kuchipatala amagwira bwino ntchito akathiridwa m'khutu louma.

Munthu amene khutu lake likutuluka mafinya asasambire m'nyanja kufikira achipatala atanena kuti lapola, ndipo posamba pakhomo madzi asalowemo. Panado amachepetsa ululu ndi kutentha thupi koma sachiza nthendayo.

M'khutu musathiridwe madzi a masamba, palafini, mafuta otentha kapena mankhwala otsala a munthu wina. Khutu likakhala lobooka, zinthu zotere zimafika m'kati ndipo zimatha kuliwonongeratu.

Mwana akalowetsa njere ya chimanga kapena nyemba m'khutu, asathiridwe madzi chifukwa njereyo imafufuma. Asakolokosedwenso ndi waya. Apite naye kuchipatala komwe kuli zipangizo zochotsera.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Kutupa kopweteka kuseri kwa khutu, kuuma khosi, mutu waukulu pamodzi ndi kutentha thupi, chizungulire, kupindika kwa mbali imodzi ya nkhope komanso kusiya kumva mwadzidzidzi ndi zizindikiro zosayenera kugonetsa. Zina mwa izo zimasonyeza kuti nthenda yafika ku fupa kapena ikulowera ku ubongo.

Komwe thandizo limapezeka

Thandizo loyamba limapezeka kuzipatala zazing'ono za m'bomali, kuchipatala cha Chintheche komanso kuchipatala cha boma cha Nkhata Bay ku Mkondezi. Odwala ofunika thandizo lapadera amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha Mzuzu, pamtunda wa makilomita pafupifupi 50. Zipangizo zopimira kumva komanso zothandizira kumva zimapezeka kuchipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre ndi kuchipatala cha makutu cha African Bible College ku Lilongwe.

Akatswiri a makutu ndi ochepa m'dziko muno. Kwa zaka zingapo dziko lino linkadalira dokotala mmodzi wa opaleshoni ya khutu, mphuno ndi mmero, Dr Wakisa Mulwafu. Pachifukwa ichi, kuchiza nthenda isanakule n'kumene kumapulumutsa banja ku maulendo ataliatali.

Ana omwe asiyiratu kumva ali ndi mwayi wophunzira pasukulu ya ana osamva ya Bandawe, yomwe ili m'boma lomweli pansi pa sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP.

Katemera ndi kupimitsa thupi

Mu 2011 Malawi inayamba kupereka kwa makanda katemera wa chibayo, yemwe amachepetsanso matenda ena a m'khutu ndi oumitsa khosi. Katemera wa chikuku nayenso amateteza kumva. Popita kusikelo, mayi kapena bambo afotokoze ngati khanda silidzidzimuka ndi phokoso, silitembenuka likaitanidwa kapena likuchedwa kulankhula.

Kwa akuluakulu, ulendo wa khutu ungathenso kukhala wopimitsa thupi lonse. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Ndi bwino kupimitsa kuthamanga kwa magazi, shuga ndi HIV, ndipo amayi apimitsenso khansa ya khomo la chiberekero. Odwala shuga asamalepo kwambiri chifukwa kwa iwo kutupa kwa njira ya khutu kumatha kufika pa fupa. Wokodza magazi apimitse likodzo, nthenda yodziwika m'mbali mwa nyanja. Zotsatira zonse zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala.

Udindo wa ogwira ntchito m'boma

Nthawi zambiri mphunzitsi ndiye amayamba kuzindikira mwana wosamva bwino. Mwana wotere amapempha kuti mawu abwerezedwe, amatchera khutu limodzi ndipo amayamba kulephera mayeso. Asanatchedwe waulesi kapena wamwano, akhazikidwe kutsogolo m'kalasi ndipo makolo ake auzidwe kuti akamupimitse.

Alangizi a zaumoyo, mafumu ndi makomiti a zachitukuko angathe kufalitsa uthengawu pamisonkhano ya m'midzi ndi m'madoko a asodzi, pomwe eni zigayo ndi maboti akuyenera kupereka zotsekera m'makutu kwa antchito awo. Dziko lapansi limakumbukira tsiku la kumva pa 3 Malichi chaka chilichonse.