Maphunziro a Kasamalidwe ka Odwala Matenda Oiwala

Tanthauzo la matendawa

Dementia ndi dzina la gulu la matenda amene amawononga ubongo pang'onopang'ono, kufikira munthu alephera kukumbukira, kuganiza bwino ndi kugwira ntchito zimene adazizolowera. Ambiri amangoti matenda oiwala. Ngakhale amagwira kwambiri anthu a zaka 65 kapena kuposerapo, matendawa sali mbali ya ukalamba wamba, pakuti okalamba ochuluka amakhalabe ndi nzeru zawo mpaka kumapeto a moyo.

Mtundu wofala ndi matenda a Alzheimer, amene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, adawafotokoza m'chaka cha 1906. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mtunduwu ndiwo umapezeka mwa odwala 60 mpaka 70 pa 100 alionse. Mitundu ina imadza chifukwa cha sitiroko, kumwa mowa mopitirira muyeso kwa zaka zambiri, kapena HIV imene yakhala nthawi yaitali yosalandira mankhwala. Anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa padziko lonse, ndipo oposa 60 pa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono.

Kufunika kwa maphunziro

Madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa m'dziko muno. Wodwala amayamba kukumana ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, namwino kapena wogwira ntchito yosamalira anthu. Ngati amenewa sadaphunzitsidwe, matendawa amadutsa osazindikirika. Choopsa n'chakuti gogo amene wasochera usiku, kapena akulankhula zosamveka, amaganiziridwa ufiti ndi kuchitiridwa nkhanza. Lamulo la zaufiti la m'chaka cha 1911 limanena kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Maziko a maphunzirowa

M'chaka cha 2017 mayiko a m'bungwe la WHO adavomereza ndondomeko yolimbana ndi matendawa. Buku la bungweli lotchedwa mhGAP, limene lidatuluka koyamba mu 2010, limaphunzitsa ogwira ntchito zaumoyo amene sali akatswiri a matenda a maganizo, ndipo lili ndi mutu wapadera wa dementia. Palinso maphunziro a iSupport okonzedwera achibale osamalira wodwala pakhomo. Kuno ku Malawi, maphunziro a zaumoyo wa maganizo amachitikira ku Kamuzu University of Health Sciences ndi ku sukulu ya St John of God ku Mzuzu, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba.

Zimene ogwira ntchito amaphunzira

1. Kuzindikira zizindikiro. Mlimi amene wayamba kusochera pa njira ya kumunda kwake, wamalonda amene akulephera kubweza chenji pamene kale ankawerengera mumtima, kapena mayi amene akufunsa funso limodzi kambirimbiri, ayenera kupimidwa. Wogwira ntchito amafunsanso wachibale wodziwa bwino wodwalayo kuti amve kuti kusinthaku kudayamba liti.

2. Kusiyanitsa ndi matenda ena. Dementia imakula m'miyezi ndi m'zaka. Kusokonezeka kwa maganizo kobwera mwadzidzidzi, m'maola kapena m'masiku ochepa, kungachokere ku malungo, chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo kumafuna chipatala msanga. Matenda a kukhumudwa nawonso amaiwalitsa, koma amachizika.

3. Kulankhula ndi wodwala. Wogwira ntchito amadzitchula dzina, amalankhula modekha ndi mwaulemu, amafunsa funso limodzi pa nthawi imodzi, ndipo sakangana ndi wodwala pa zimene waiwala.

4. Chitetezo cha pakhomo. Banja limalangizidwa kusunga patali mankhwala a kumunda ndi a chipatala, kusamala moto ndi zitsime, ndi kudziwitsa anansi kuti akaona wodwala akusochera ambwezere kwawo. Kumumanga kapena kumutsekera m'nyumba ndi nkhanza.

5. Kuthandiza osamalira. Ntchitoyi imatopetsa thupi ndi mtima, ndipo kawirikawiri imagwera amayi ndi atsikana. Achibale amalimbikitsidwa kumasinthana.

6. Ufulu wa wodwala. Munda, nyumba ndi ndalama zake n'zakebe, ndipo ayenera kufunsidwa maganizo ake malinga ndi mmene angathere.

Uthenga kwa anthu onse

Mankhwala ochiziratu dementia sadapezeke, koma chisamaliro chabwino chimachepetsa mavuto ake. Kupimitsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, kuleka fodya, kuchepetsa mowa ndi kulimbitsa thupi kumachepetsa chiopsezo. Mukaona zizindikirozi mwa wachibale wanu, pitani naye kuchipatala cha pafupi, ndipo nkhanza zilizonse zochitira okalamba kazineneni kupolisi kapena ku ofesi yosamalira anthu ya m'boma lanu. Tsiku la 21 September chaka chilichonse ndi lokumbukira matenda a Alzheimer padziko lonse.