Kulanda fodya ndi galimoto m'malire: zomwe malamulo a msonkho amanena

Boma la Mangochi lili m'malire ndi chigawo cha Niassa m'dziko la Mozambique. Chipata chake chachikulu ndi Chiponde, chomwe chayang'anizana ndi tauni ya Mandimba. Katundu wolowera pachipatachi amatsika ndi msewu wa M3 kudutsa pa Namwera, n'kuoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi. Wina amapitirira ndi msewu wa ku Monkey Bay mpaka kukafika m'magolosale a pa Nkope. Pamtunda wonsewu, katundu yemwe sanalipiridwe msonkho akhoza kulandidwa.

Mphamvu zolanda zili m'manja mwa bungwe lotolera misonkho la MRA, lomwe lidayamba ntchito mu 2000, ndipo zimachokera m'lamulo la Customs and Excise Act. Kupatula pazipata, bungweli lili ndi magulu oyendayenda otchedwa FAST omwe amachita chipikisheni m'misewu.

Fodya woyambitsa mikangano ndi wamitundu iwiri. Woyamba ndi ndudu, zomwe zimadulidwa msonkho wa excise. Uwu ndi msonkho wapadera womwe boma limaika pa zinthu monga fodya ndi mowa, kaya zapangidwa m'dziko muno kapena zachokera kunja. Umboni woti waperekedwa ndi sitampa yomatidwa papaketi. Mu 2024 MRA idakhazikitsa ndondomeko yatsopano ya masitampa yotchedwa Kalondola, mogwirizana ndi kampani ya SICPA ya ku Switzerland. Ndudu zopanda sitampa zikhoza kulandidwa ngakhale zili kale pashelefu.

Wachiwiri ndi fodya wamasamba, yemwe amayang'aniridwa ndi bungwe la Tobacco Commission. Fodyayu amayenera kugulitsidwa kumisika yovomerezeka ya Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu. Mlimi kapena mavenda akamuolotsa malire mozemba pofuna ndalama yapompopompo, dziko limaluza ndalama zakunja, poti fodya ndiye amabweretsa zambiri mwa ndalamazi.

Nkhani imakula ikafika pa galimoto. Lamulo limalola kugwira katundu wozembetsedwa pamodzi ndi chomwe chamunyamula, kaya ndi lole, minibasi, njinga yamoto ya kabaza kapena boti lapanyanja. Nthawi zambiri mwini galimoto si mwini katundu. Amakhala kuti wangochita hayala, kapena dalaivala wake wanyamula makatoni panjira iye osadziwa. Komabe galimotoyo imasungidwa mpaka nkhani itatha, ndipo tsiku lililonse lomwe yaima mwiniwake amasowa ndalama ya banja ndi yobwezera ngongole.

Wolandidwa katundu amayenera kupatsidwa chikalata chosonyeza zomwe zatengedwa ndi chifukwa chake. Akavomera kulakwa, nkhani ikhoza kuthera ku MRA komweko polipira msonkho ndi chindapusa. Akakana, ali ndi ufulu wodandaula kwa mkulu wa bungweli, ndipo kuchoka apo nkhani ikhoza kupita kubwalo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lokhazikitsa bwalo lapadera lomva madandaulo a msonkho la Revenue Appeals Tribunal.

Madandaulo ali ndi nthawi yake yoikika. Ikadutsa mwiniwake ali chete, katundu amasanduka wa boma ndipo akhoza kugulitsidwa pa okushoni kapena kuonongedwa. N'chifukwa chake mwini galimoto amadziteteza poona mapepala a kasitomu asanapakire katundu, pomwe wagolosale amayenera kuona sitampa ndi kusunga malisiti a komwe wapikula ndudu.